Mlandu Pakhomo Lililonse

Mu Ufumu wa Tilipobe munalibe kalembera. Ntchito yowerenga anthu inkagwiridwa ndi khutu la Mfumu Mvereniine. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, Mfumuyo inkakwera pansanja m'bwalo lalikulu la mzinda wa Chikhalireni, n'kutsinzina, n'kumvetsera nthungululu za amayi. Zikamveka zambiri, ndiye kuti dziko likutukuka. Koma chaka chimene tikunenachi nthungululu zinamveka zoonda, zina zosasa mawu, ndipo ina inathera m'kutsokomola.

"Amayi anga apita kuti?" inafunsa Mfumu itatsegula maso.

Aliyense ankadziwa kumene anapita. Amayiwo, amuna awo ndi ana omwe anali atawoloka mtsinje wa Yembekeza kupita kutsidya, m'dziko la Kumagetsi, kumene amati ukadina pakhoma babu limayaka, osati mawa kapena mkuja, koma nthawi yomweyo. Anthu a ku Tilipobe ambiri ankapita kukangoona ngati zinali zoona, ndiye ankaiwala kubwerera.

Nduna zinaitanidwa kunyumba yachifumu mpunga wa phwando usanaphulidwe. Nduna ya Zomangamanga inati amange mpanda wautali m'mbali mwa mtsinje. Atafunsa za simenti, zinapezeka kuti yonse inali itasanduka kale nyumba yosanja ya ndunayo. Nduna ya Zachilengedwe inati awonjezere ng'ona mumtsinje, koma mnzake anamukumbutsa kuti ng'onazo nazonso zinasamukira gombe la kutsidya. Nduna ina yachinyamata, yosadziwa kumene inali, inakweza dzanja n'kunena kuti, "Bwanji tingokonza magetsi?" Anaitulutsa panja kuti ikapitidwe mphepo, ndipo mpaka lero sinaitanidwenso.

Apa m'pamene anaimirira a Chitseko, Nduna Yoona za Anthu Otuluka, munthu wa mimba yotsogola ndi mawu aulemu.

"Mfumu yanga, mwezi watha ndinapita ku ofesi ya kazembe wa ku Kumagetsi kukapempha viza."

"Iwenso?"

"Kukangofufuza, mfumu, kukangofufuza basi! Ndiye anandikaniza. Akuti munthu amene ali ndi mlandu wosatha kukhoti salowa m'dziko mwawo. Mukukumbukira ka nkhani ka mbuzi za boma zija..."

"Zimene unaba zija?"

"Zinasochera zija, mfumu. Mlanduwo sunazengedwe mpaka lero, ndipo wandisunga m'dziko muno kuposa chikondi changa pa inu. Tsono ine ndimati, mpanda wa njerwa anthu amalumpha. Nanga mlandu angaulumphe ndani? Tipatse munthu aliyense wake."

Mfumu inaganiza kwa kanthawi, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Kenako inaseka mpaka chipewa chachifumu chinagwera m'mbale ya ndiwo. Tsiku lotsatira wailesi inalengeza kuti Mfumu, mwa chifundo chake chosatha, yakhazikitsa ndondomeko yatsopano yotchedwa Mlandu Pakhomo Lililonse, ndipo kuti makadi adzagawidwa ulere m'misika yonse.

Abale inu, vuto linali mawu akuti "ulere". Munthu wa ku Tilipobe akamva mawu amenewo, makutu ake amatsekeka, miyendo n'kuyamba yokha. Ena anati ndi makuponi a feteleza, ena anati ndi a ufa, ena anati n'zosafunika kudziwa, bola kulandira. Pamsika wa Chikhalireni mzere unazungulira mabenchi a nsomba mpaka kukafika kuchigayo. Kumidzi ina anthu anakadandaula kwa aphungu kuti awadumpha dala chifukwa cha tsankho, ndipo boma linapepesa n'kuwatumizira milandu pagalimoto.

Pamzere umenewo panali a Nakwenda, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi, wodziwika msika wonse pa zinthu ziwiri: zigongono ndi pakamwa. Zigongono zawo zinali zisanalepherepo pamzere uliwonse, ndipo pakamwa pawo sipankagona nkhani. Ukawauza chinsinsi pogula tomato, unkachipeza chakudikirira kale pokwerera minibasi. Tsiku logawa makadi anafika mochedwa, koma anatuluka oyamba, duku lili pambali, m'manja muli makadi awiri. Lachiwirilo analanda kwa bambo wina amene anachedwa kutambasula dzanja.

Atafika pabenchi anampatsa Zuze wa chiwaya, mnyamata wokazinga tchipisi pafupi nawo, kuti awawerengere poti magalasi anali ataiwala kunyumba chaka chatha.

"Ili likuti mukuimbidwa mlandu woyasamula pamene Mfumu imalankhula pawailesi," anatero Zuze. "Linalo likuti munameta ndevu mofanana ndi za Mfumu popanda chilolezo."

"Ndiye feteleza wake tikalandira kuti?"

"Palibe feteleza, mayi. Ndi mlandu basi."

"Aaa, kaya," anatero a Nakwenda akupinda makadiwo m'nsonga ya chitenje. "Bola sanandidumphe."

Kwa masiku angapo msika unali pachisangalalo. Anthu ankaonetsana milandu ngati zovala za Khirisimasi. Wogulitsa makala anapatsidwa wodetsa mbiri ya dziko. Agogo ena osayenda anapatsidwa wothamanga mopitirira muyeso. Zuze anapatsidwa woyang'ana mdipiti wa galimoto za Mfumu ndi nkhope yosonyeza kuti akuziwerenga. Amene anasangalala kwambiri anali mbava zenizeni, poti tsopano zinkayenda momasuka, zikupereka moni kwa abusa kuti, "Mwadzuka bwanji, anzathu?"

Kenako foni ya a Nakwenda inalira. Anali Esinati, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa ku Kumagetsi ndondomeko ya milandu isanayambe.

"Amayi, kunotu ndatopa. Anamwino akuti mwezi ukubwerawu. Mubwere mudzakhale nane m'chikuta. Ndiponso apongozi avomera kuti dzina mudzatche ndinu, poti ndi mdzukulu wanu woyamba."

A Nakwenda anaimba nthungululu imene Mfumu ikanaimva ikanati dziko lachulukanso. Dzina anali nalo kale, analisankha Esinati akadali kusukulu, ndipo chimenechi chokha ndicho chinsinsi chimene anasungapo chibadwire. Mwambo wakwawo unkati dzina la mwana limatuluka koyamba mwanayo ali m'manja mwa wotcha, pamaso pa anthu. Kulinena nthawi isanakwane n'kuliwononga. Ndiye analimanga m'kamwa, ngakhale linkawayabwa tsiku ndi tsiku.

M'mawa mwake anavala chitenje chatsopano n'kupita ku ofesi ya kazembe. Kuseri kwa galasi kunali mtsikana wa ku Kumagetsi wolankhula mofatsa, wa nkhope ya munthu amene sanasambepo mumdima.

"Mukukatani ku Kumagetsi, mayi?"

"Kukatcha dzina mdzukulu wanga."

"Zabwino zonse. Kodi muli ndi mlandu uliwonse kukhoti?"

"Iwiri!" anayankha a Nakwenda monyadira, akumasula chitenje. "Anzanga ambiri ali ndi umodzi umodzi."

Mtsikanayo anayang'ana makadiwo, n'kuyang'ana chibwano cha a Nakwenda, n'kuyang'ananso makadiwo. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono. Munthu amene khoti linamupeza wosalakwa amalowa. Amene linamupeza wolakwa pa kamlandu kakang'ono, n'kugwira chilango chake, amaganiziridwa. Amene wabisa mlandu n'kugwidwa bodza saloledwanso moyo wake wonse. Koma amene mlandu wake uli lendelende, wosagamulidwa, ayenera kudikira kuti uthe.

"Iii, mwanawe, ndiye ndikanangonama?"

"Mukanagwidwa, mayi. Dziko lanu lonse tikulidziwa. Pitani mukamalize milandu yanu, mubwerenso."

Apa m'pamene a Nakwenda anazindikira chimene anamenyera zigongono. Mtima unawawa, ndipo anadzitukwana njira yonse mpaka kukhoti.

Khoti la Chikhalireni linali m'manja mwa Jaji Bweranimawa, munthu amene pa ntchito yake yonse anali asanagamulepo mlandu, ndipo analandirapo mendulo chifukwa cha kudekha. Atangomva dzina lawo likuitanidwa, a Nakwenda sanadikire kufunsidwa.

"Bwana jaji, ndikuvomera. Ndinayasamuladi. Ndimayasamula nthawi zonse akamalankhula, nthawi zina ndimagona kumene. Ndipatseni chilango, kaya n'kusesa msika, kaya n'kulima m'mbali mwa msewu, khasu ndili nalo kunyumba."

Jaji anavula magalasi.

"Mayi, mukufuna kundichotsetsa ntchito? Kuvomera mlandu mopupuluma chonchi n'kunyoza khoti. Umboni uli kuti? Mboni yaikulu pa mlanduwu ndi wailesi imene munkamverayo. Ibwere idzalumbire."

"Inafa, bwana. Mabatire anatha."

"Ndiye tidikira ichire. Tipite pa mlandu wachiwiri. Ndevu zija zili kuti?"

"Ndilibe, bwana."

"Mwaona? Woimbidwa mlandu wabisa umboni. Khoti likuimitsa mlanduwu kufikira ndevu zitamera."

"Bwana jaji, ine ndine munthu wamkazi!"

"Khoti silikuthamanga, mayi," anatero jaji, n'kumenya tebulo ndi kanyundo kake.

A Nakwenda anabwerera kumsika akufuka utsi. Zuze anawapatsa nzeru yoti apalamule mlandu weniweni, wooneka ndi maso, woti ngakhale jaji sangauzengereze. Ndiye anapita kupolisi, n'kumasula njinga ya mkulu wa apolisi apolisiwo akuona, n'kuyamba kuikankha pang'onopang'ono kuti asavutike powagwira. Wapolisi wa pakhomo anangowayang'ana akusenda nthochi.

"Mayi, mukuvutika chabe. Makadi a milandu anatha. Bwerani mwezi wamawa, mwina abwera ena."

"Ndiye njingayi?"

"Mukaisiye pomwe mwaitengapo. Mupopeko tayala lakumbuyolo."

Masiku anapita. A Nakwenda ankadzuka n'kupapasa chibwano, osapeza kanthu. Tsiku lina masana foni inaliranso, ndipo anali mkamwini: Esinati wachira, mwana wamwamuna. A Nakwenda anavina pakati pa msika, kenako anakhala pa dengu la anyezi n'kulira. Chikuta chinali chawadutsa. Madzi osambitsa mdzukulu wawo ankatereka ndi anthu ena. Chimene chinatsala chinali dzina lokha, ndipo akuchimuna anati adikira, koma sangadikire mpaka mwana atayamba kukwawa.

Sabata yomweyo Mfumu inabwera kumsika kudzaona mmene ndondomeko yake inkayendera. Anthu anasonkhanitsidwa padzuwa, a Chitseko anaima pambali atanyamula ambulera, ndipo Mfumu inayamba kulankhula.

"Anthu anga okondedwa! M'mayiko ena mlandu ndi wa anthu olemera ndi ophunzira okha. Koma ine ndati ayi! Mu ulamuliro wanga ngakhale mwana wa mlimi akhale ndi mlandu wakewake! Taonani lero, palibe akutuluka m'dziko muno. Ndi chikondi chanji chimenechi?"

A Nakwenda anagwiritsanso ntchito zigongono. Anafika kutsogolo kwenikweni, pamphuno pa Mfumu, n'kutambasula manja, n'kuyasamula. Kunali kuyasamula kwa mtundu wina, abale, koyambira kuzala za kumapazi, kwa phokoso, koonetsa mano onse ndi mipata ya amene anachoka. Kunatenga nthawi moti nkhuku za m'madengu zinasiya kulira.

"Mboni ndi izi, msika wonse," anatero atatseka pakamwa. "Wailesi siikufunikanso. Mfumu, inu mumatopetsa. Mawu anu ndi aatali, magetsi anu ndi aafupi. Ndipo ndevu zanuzo, ngakhale zitandimera, sindingamete choncho. Ndiweruzeni lero lomwe, ndili ndi ulendo."

Nkhope ya Mfumu inatupa. Chibadwire inali isanamvepo zotere kuchokera kwa munthu wosaledzera.

"Mayi uyu alandire chilango chachikulu kuposa zonse! Achoke m'dziko langa! Asadzapondenso dothi la Tilipobe mpaka imfa!"

A Chitseko anayesa kukoka mkanjo wa Mfumu, koma mawu anali atatuluka kale. Anthu anayang'anizana. Kenako Zuze anayasamula. Wamakala anayasamula. Ogulitsa nsomba, okwera njinga za kabaza, gulu lovina limene linabwera ndi Mfumu, onse kukamwa yasa! Ngakhale wapolisi wina anatembenukira kumbali n'kuyasamula mobisa, kuti mwina zingamugwere. A Chitseko anathamangira pa chimkuzamawu n'kulengeza kuti kuyasamula koyamba kokha ndiko kwagamulidwa, kwina konseko kukufufuzidwabe.

A Nakwenda anakwezedwa galimoto ya polisi ngati mkwatibwi, akubayibitsa anzawo. Anawaperekeza Sajeni Lembani, wapolisi wakhama amene anapatsidwa ntchito yokhala pamlatho wa Yembekeza kuonetsetsa kuti mayiyo asabwerere. Mlathowo unali ndi chipata mbali zonse ziwiri, ndipo pakati pakepo sipanali pa dziko lililonse, chifukwa aliyense ankakana kukonza mabowo ake. Sajeni anatseka chipata cha Tilipobe, a Nakwenda n'kuyenda monyang'wa kukagogoda cha Kumagetsi.

"Mlandu wanga watha, bwana," anauza mlonda wa kumeneko. "Wagamulidwa ndi Mfumu yeniyeni. Tsegulani."

Mlondayo anaimba foni, n'kumvetsera, n'kupukusa mutu. "Pepani, mayi. Tinati kamlandu kakang'ono. Kunyoza mfumu pagulu mpaka kupirikitsidwa m'dziko, umenewo kwathu kuno ndi mlandu waukulu. Komanso wa ndevu uja akuti ukadalipo."

Ndiye a Nakwenda anakhala pamlatho. Kutsogolo kotseka, kumbuyo kotseka, pansi madzi. Madalaivala a magalimoto a katundu anawapatsa lona, Zuze anawatumizira dengu la tomato, ndipo posakhalitsa anali atatsegula benchi pakati pa mayiko awiri, popanda wowadulitsa chiphaso cha msika. Sajeni Lembani ankagula pomwepo, ndipo popeza analibe wina wocheza naye, a Nakwenda anamuuza mbiri ya aliyense wa ku Chikhalireni, ndi ya agalu awo omwe.

Loweruka lina m'mawa, kuseri kwa chipata cha Kumagetsi kunafika kagulu ka anthu: Esinati, mwamuna wake, ndi apongozi ake aakazi atanyamula lichero la ufa wowaza pamwambo. Esinati sanayerekeze kutuluka, poopa kuti angapatsidwe khadi. Anangokweza mwana pamwamba pa chipata, mayi ake n'kumulandira mbali inayo.

A Nakwenda anamuyang'ana mwanayo. Anali wopepuka, wofunda, wonunkhira mafuta a ana, ndipo mphuno inali yakwawo ndithu, osati ya akuchimuna. Anamufungatira misozi ikutsika. Asewere awo anayamba nthungululu kuseri kwa chipata. A Nakwenda anakonza kukhosi, n'kumukweza mwanayo m'mwamba. Dzina lija linali lafika pansonga ya lilime.

"Mokweza pang'ono, mayi, kuti ndilembe bwino," anatero munthu wina pambali pawo.

Anali Sajeni Lembani, atagwira cholembera ndi khadi latsopano lonyezimira, nkhope ili mwee.

"Mulembe chiyani, a Sajeni?"

"Dzina la woimbidwa mlandu. Mwanayu ndi magazi a Tilipobe, ndipo wapezeka akucheza ndi munthu wopirikitsidwa. Ndamusungira khadi lake lapadera. Kungoti lamulo silindilola kuimba mlandu munthu wopanda dzina, ndiye ndikudikira inu."

"Mlathowu si wanu!" anakuwa mkamwini.

"Pa nkhani ya mabowo si wathu, achimwene. Pa nkhani ya milandu ndi wathu."

Esinati anatembenukira kwa mlonda wa Kumagetsi. "Bwana, akalemba ndiye zikhala bwanji?"

"Ndiye kuti mwanayo ali ndi mlandu wosatha," anayankha mlondayo mwaulemu. "Sangalowenso mpaka uthe. Ngakhale atalemba mwanayo ali kale mkati, timutulutsa adzadikirire kunja."

Esinati anagwira zitsulo za chipata, mkaka ukudontha pabulauzi. A Nakwenda anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana cholembera cha Sajeni.

"Alibe dzina," anatero.

"Mayi, mwezi uno wonse mwakhala mukundiuza kuti dzina muli nalo."

"Ndaiwala. Ukalamba."

"Palibe vuto," anatero Sajeni akubweza khadi m'thumba la malaya. "Ine ndili pompano tsiku lililonse. Likadzangotuluka, kaya pocheza, kaya m'tulo, ndidzalemba."

A Nakwenda anamununkhiza mwanayo pamutu kanthawi kotalika. Kenako anaima pa zala n'kumuwolotsanso pamwamba pa chipata, mosamala, mpaka atamva kuti manja a Esinati amugwira. Mlonda anayang'ana kumbali, poti mwana wopanda dzina analibe polembedwa ngakhale kwa iye.

"Asewere," anatero a Nakwenda kwa apongozi a Esinati, "mukamutche ndinu. Mukatchere kunyumba, mutatseka zitseko. Langali ndifa nalo."

"Amayi, ndidzakuimbirani ndikuuzeni," anatero Esinati akulira.

"Usayerekeze, mwana wanga. Usadzandiuze, ngakhale nditakuchonderera, ngakhale nditadwala. Pakamwa pangapa ukupadziwa."

Kagulu kaja kananyamuka kulowera kokwerera basi, ufa uli m'lichero osawazidwa. A Nakwenda anakakamira chipata akuyang'ana kamutu kakusuzumira paphewa la Esinati. Anakweza dzanja kuti amutsanzike, anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma analibe chomuitanira.

"Iwe!" anakuwa. "Iwe! Uyende bwino, iwe!"